Lamulungu la 116

Chipangali,
Fort Jameson,
15 Meyi 1960

Mwana wanga Fulansisi,

Yesu Khristu atamandike. Ife kuno tadzuka, kaya iwe ku Halale, ku Salisbury kumeneko. Amayi ako akupereka moni, ati uzivala juzi poti chisanu chayandikira. Nsawa takumba. Zachita bwino kumunda wa kumtunda, koma kudambo zaola.

Usadabwe kuona dzanja la mlongo wako Sesiliya. Ng'ala yakula m'maso onse awiri. Munthu ndimamuona, mzere wa inki papepala ndimauona, koma zilembo zasanduka nyerere. Ndiye ine ndikuyankhula, iye akulemba.

Chaka chino ndikupuma uphunzitsi. Pa 20 Ogasiti aphunzitsi a sukulu zathu zonse adzasonkhana ku Boma, woyendera sukulu adzakhalapo, ndipo andipatsa mphindi khumi ndi zisanu kuti nditsanzike. Sindifuna kuzithera pa zikomo zikomo. Ndili ndi chinthu choti ndiwasiyire.

M'buku lakale la masamu, limene anandisiyira wansembe wina pobwerera kwawo, muli nkhani iyi. Tenga 2, uwonjezepo 1, upeza 3. Chulukitsa 2 ndi 2 mnzake, uwonjezepo 1, upeza 5. Kenaka 4 ndi 4, kuwonjezapo 1, ndi 17. Kenaka 16 ndi 16, ndi 257. Kenaka 256 ndi 256, ndi 65,537. Zisanu zonsezi ndi nambala zosagawika: palibe ina imene imalowamo osasiya chotsala, kupatula 1 ndi mwini wakeyo. Yachisanu ndi chimodzi ndi 65,536 kuchulukitsa ndi 65,536, kuwonjezapo 1. Imeneyo ndi 4,294,967,297. Bukuli likuti katswiri wina wa ku Falansa ankakhulupirira kuti nambala zonse zobadwa motere n'zosagawika. Tsamba lotsatira linadyedwa ndi chiswe.

Ine sindimeza chosatafuna. Kuyambira Januwale wa 1958, Lamulungu lililonse tikaweruka ku Misa, ndakhala ndikuigawa nambalayi ndi nambala imodzi yosagawika, motsatana, kuyambira pa 2. Malamulungu 115. Yomaliza inali 631, ndipo panatsala 173. Palibe ngakhale imodzi imene inalowamo. Pamenepo kope linadzaza, maso nawo anakana.

Ndiye ku Boma ndidzailemba pabolodi n'kunena kuti: iyi siigawika, ndaiyesa ndekha. A Gideon Lungu, mphunzitsi wamkulu watsopano uja, ndi anzawo a setifiketi amanditchula kuti mphunzitsi wa pamchenga, poti ndinayamba kuphunzitsa masileti asanabwere. Adzaone chimene wa pamchenga amachita.

Pempho langa ndi ili: fufuza m'mabuku a kukoleji kwanuko ngati alipo wina anaiyesapo. Undiyankhe msanga.

Ndine atate ako,
Gabrieli Shawa

Achimwene, apa ndi ine Sesiliya. Nambala ija andilembetsa katatu, ati ndikuika makoma olekanitsa manambala ngati ndikubzala nyemba. Munditumizireko singano za makina, za kuno zikungothyoka.


Salisbury,
5 Juni 1960

Atate okondedwa,

Atamandike nthawi zonse. Ndalandira kalata yanu, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli moyo. Ine ndili bwino. Za maso zandidetsa nkhawa. Ndafunsa mnzanga amene anagwirapo ntchito m'chipatala, akuti ng'ala amachotsa ikakhwima. Ndikabwera pa Khirisimasi tidzapite kuchipatala cha mishoni akakuoneni.

Tsopano za nambala. Mundikhululukire, Atate, koma ndinu munandiphunzitsa kuti yankho lolakwa salipaka mafuta. Nambala ija imagawika. 641 imalowamo ka 6,700,417, osasiya kanthu. Ndachulukitsa ndekha kawiri, zikugwirizana. Katswiri wa ku Falansa uja anangoganiza, sanatsimikize. Patapita zaka pafupifupi zana limodzi, katswiri wina anapeza 641. Ndikhulupirira kuti zimenezi n'zimene zinali pa tsamba limene chiswe chinadya.

Mutayang'ana mndandanda wanu muona kuti pambuyo pa 631, nambala yosagawika yotsatira ndi 641 yomweyo. Munatsala ndi Lamulungu limodzi.

Pali zina ziwiri zimene ndikudziwa kuti mufuna kumva. Choyamba: kuti munthu atsimikize kuti nambala yotere siigawika, ayenera kuyesa zosagawika zonse mpaka 65,536. Zilipo 6,542. Pa imodzi imodzi Lamulungu lililonse, ndi zaka zoposa 125. Ndiye malamulungu 115 sakanakwana kukhala umboni, ngakhale 641 ikanapanda kulowamo. Chachiwiri: katswiri wachiwiri uja sanayese zonse. Anayamba waonetsa kuti nambala iliyonse yolowa mu imeneyi iyenera kukhala yopitirira ndi 1 pa nambala ya mu tebulo la 64. Mwa zosagawika, zoterozo ndi 193, 257, 449, 577, kenaka 641. Kugawa kasanu basi.

Chonde musakanene ku Boma kuti siigawika. Nkhaniyi ili m'mabuku ambiri, ndipo woyendera sukulu kapena wansembe wina akhoza kuidziwa.

Juzi ndikuvala, muwauze amayi. Kuno nsapato zakwera mtengo, ndiye ndikuyenda ndi zakale zija, ndangozikhomeretsa. Singano za Sesiliya ndaika m'kalata momwemuno. Ndapezanso galasi lokuza zilembo, libwera pa lokha m'kaphukusi. Moni kwa amalume ndi onse a pamudzi.

Ine mwana wanu,
Fulansisi


Chipangali,
3 Julayi 1960

Fulansisi,

Moni. Tili bwino. Amayi ako anadwala chimfine, achira.

Kalata yako inafika. Ndamva za juzi. Ndamva za nsapato zokhomeretsa. Ndamva za singano. Za chimene ndinakufunsa, ngakhale liwu limodzi.

Ndadikira masabata awiri, ndimati kapena ina ikubwera m'mbuyo. Ndaganiza mofatsa, ndipo ndaona zifukwa ziwiri zokha. Kapena sunapeze nthawi yotsegula buku limodzi chifukwa cha atate ako, kapena unaona kuti funso la nkhalamba ya pamchenga si loyenera munthu wa kukoleji. Zonse ziwiri n'zoipa, koma chachiwiri chiposa. Pamene unali ndi zaka zisanu ndi chimodzi unandifunsa chifukwa chake 7 sagawika pakati. Sindinakuuze za nsapato zanga. Ndinatola miyala isanu ndi iwiri, tinakhala pansi.

Palibe kanthu. Ku Boma ndidzapita ndi kope langa. Limenelo silichita nane manyazi.

Atate ako,
G. Shawa

Achimwene, ndi ine. Izi ndikulemba iwo atapita kudimba. Mlandu ndi wanga, ndipo dzanja langa lomweli ndi limene lalemba mawu okudzudzulaniwo.

Mwaiwala kodi mmene kalata ya ku Halale imawerengedwera kuno? Siwerengedwa m'chipinda. Anabwera nayo ndi a Gideon enieniwo pochokera kumishoni, ndipo sanachoke. Amalume anabwera, a Lenia oyandikana nafe anabwera ndi mwana kumsana, pakhonde panadzaza. Atate anakhala pa mpando wawo n'kunena kuti, "A Lungu, khalani pafupi. Lero mumva chimene koleji inena za ntchito yanga." A Gideon akuti, "Tiyeni timve, achikulire, mwina mutipezera mendulo ya Mfumukazi." Anthu n'kuseka.

Ine maso anali atathamanga kale kutsogolo. Ndinaona liwu lakuti "imagawika". Ndiuze anthu onsewo kuti atate alakwa, ine mwana wamkazi, pakhonde pawo, a Gideon ali pompo? Ndinawerenga za maso, n'kulumphira pa juzi. Atate anafunsa, "Basi?" Ndinati basi. A Gideon anati, "Ophunzira satha inki pachabe," n'kukwera njinga.

Ndinati ndiwauza mawa. Mawa lake ndinawapeza akuyeserera zokanena ku Boma, akuyankhula ndi nkhokwe. Chiyambire kudwala maso sindinawaone akuwongoka msana chotero. Tsopano ndikawauza, ndiye kuti ndaulula kuti ndinawanamiza. Kodi sizingatheke kungozisiya? Ndani ku Fort Jameson angagawe chinambala chimenecho? Yankho mulembe pa dzina langa.


Salisbury,
17 Julayi 1960

Mlongo wanga Sesiliya,

Ndakumva. Kalata ya atate yandipweteka, koma sindikukwiyira. Cholakwa choyamba n'changa. Zaka zitatu za kuno zandizoloweza kuti kalata imatsegulidwa ndi mwini wake yekha. Ndikanakumbukira khonde lathu, ndikanalemba za nambala pa kapepala kena. Pa tsiku limenelo unachita bwino. Masiku onse otsatira ndiye sunachite bwino.

Ukufunsa kuti ndani angaigawe. Safunika kuigawa, angofunika kukumbukira. Nambala imeneyi n'njotchuka chifukwa chomwecho chakuti inanyenga katswiri. Ngati m'chipindamo mudzakhale munthu mmodzi amene anawerengapo, adzaimirira n'kutchula 641, ndipo atate adzamva pamaso pa aphunzitsi onse chimene unawabisira pamaso pa anthu khumi. Mwina sadzapezeka wodziwa. Pamenepo aphunzitsi makumi angapo adzakopera bodza m'makope mwawo n'kukaphunzitsa ana, dzina la atate lili pamwamba. Sankha wekha chimene atate angadane nacho kwambiri.

Ine sindingawafikire popanda iwe. Kalata iliyonse idzera m'kamwa mwako. Telegalamu iwerengedwa ndi a kumishoni isanafike. Kwa amalume sindingalembe, poti nawonso adzafuna wowawerengera.

Koma sufunika kunena kuti alakwa. Lamulungu likubwerali, mukaweruka, tenga sileti, uwauze kuti, "Atate, bwanji tichite imodzi yotsatira, ine ndikhale maso anu?" Adzakuuza okha kuti yotsatira ndi 641. Akapeza okha, palibe mwana amene wawakonza. Za kalatayo udzaulule pambuyo pake, ine ndidzakuthandiza kusenza.

Atsala masabata asanu osakwana. Makalata athu amatenga masiku khumi. Usandiyankhe kuti uchita, udzandiyankhe kuti wachita.

Mlongo wako,
Fulansisi


Chipangali,
8 Ogasiti 1960

Achimwene,

Moni. Amayi ali bwino. Zachitika, koma osati mmene munakonzera.

Lamulungu la pa 31 ndinatenga sileti, ndinafika nayo pakhomo, n'kubwerera. Ndinauza mtima wanga kuti ndichita Lamulungu likubweralo.

Lachinayi kunafika galasi lanu. Linachedwa kumishoni, ati linagwera kuseri kwa kabati. Atate analiyesa pa Baibulo, anati zilembo zakula koma zikadali nyerere, zangonenepa. Ndinaganiza kuti zathera pomwepo.

Dzulo titaweruka anandiitana kuseri kwa nyumba, kumene kulibe anthu. Anali ndi kalata yanu ija pabondo, galasi m'manja.

"Sesiliya, unalekeza Sitandade chani?"

"Sikisi, Atate."

"Ndiye uwerengere. Kalata iyi ili ndi masamba awiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Ndawerenga mizere ndi galasili, ilipo 68. Iwe ukamawerenga mokweza, mzere umodzi umatenga mpweya umodzi. Tsiku lija unapuma kangati?"

Anadziyankha okha.

"Sunafike makumi awiri ndi asanu. Ndinadabwa tsiku lomwelo, koma ndinati kapena mnyamatayo walemba zilembo zazikulu. Si zazikulu. Ndiponso pakati apa ndikuona zinthu zoimirira ngati manambala. Kodi nsapato za ku Halale zili ndi mitengo ingati?"

Ndinayamba kulira. Anati, "Kulira ulire bwino lino. Tsopano werenga. Chala changa chiziyenda pa mzere, iwe uzitsata chalacho."

Ndinawerenga. Nditafika pa "imagawika" chala chinaima. Ndisanatchule nambala anati, "Leka! Usanene. Bweretsa sileti."

Anati, "Pambuyo pa 631. 633 ilowa 3. 635 ilowa 5. 637 ilowa 7. 639 ilowa 3. Lemba 641 kunja, chinambalacho m'kati."

Ine ndinkalemba ndi kutsitsa manambala, iwo ankachita m'mutu, maso ali kuthambo. Mu 4294 ilowa ka 6, kutsala 448. Ndinatsitsa 9. Anati ka 7 ndi 4487, kutsala 2. Anaseka pang'ono, "Yaphonya ndi 2 yekha, kamwana aka." Ndinatsitsa 6, ziro. Ndinatsitsa 7, ziro. Ndinatsitsa 2, ka 4, kutsala 108. Ndinatsitsa 9, ka 1. Apo anati, "Kutsala 448. Wabweranso." Anandifunsa kuti yatsala kutsitsa ndi iti, ngakhale amaidziwa ngati dzina lawo. Ndinati 7. Anati, "4487," motsitsa mawu. "Lemba 7 pamwamba. Pansi lemba ziro."

Ndinalemba. Anatenga sileti, anaika galasi pa ziroyo, anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati ndimalize kalatayo. Za zaka 125 anangogwedeza mutu. Za tebulo la 64 anandibwerezetsa kawiri, n'kunena kuti, "Kasanu. Munthu ameneyo anali waulesi wanzeru."

Amayi anabwera kudzaitana chakudya, anaona nkhope zathu, anafunsa kuti wamwalira ndani. Atate anati, "Palibe, Edita. Nambala yabereka mapasa."

Kwa ine sananene china, kupatula kuti, "Unandichitira chisoni. Usadzabwerezenso." Kope lija alitsekera m'bokosi. Lero sanapite kukayankhula ndi nkhokwe. Ndawafunsa ngati ndichape jekete ya ku Boma, anati aona. Achimwene, ndikuopa kuti sapita n'komwe, ndipo a Gideon adzati anathawa.

Ine,
Sesiliya


Chipangali,
21 Ogasiti 1960

Mwana wanga Fulansisi,

Yesu Khristu atamandike. Tili bwino tonse. Galasi ndinalandira, zikomo. Zilembo silindionetsa, koma lagwira ntchito ina.

Sabata yathunthu ndinkati sindipita. Ndinali nditakonza kale mawu otumiza, akuti maso. Chimene chinandibweza ndi ichi: a Gideon anali atauza kale aphunzitsi ena kuti nkhalamba yapeza nambala yosagawika ya manambala khumi. Ndikanakhala pakhomo, mbiriyo ikanayenda yokha popanda woikonza.

Ndiye dzulo tinakwera lole ya kumishoni, ine ndi Sesiliya. Aphunzitsi analipo 43. Nthawi yanga itakwana ndinapempha a Gideon kuti agwire choko, poti ine sindiona. Analemba nambala ija. Ndinafotokoza kubadwa kwake. Ndinakweza kope, ndinati umu muli malamulungu 115, ndipo palibe imene inalowamo. Kope linayenda m'manja mwa anthu. Kenaka ndinafunsa kuti amene akhutira kuti siigawika akweze dzanja. Sesiliya akuti anakweza onse kupatula atatu. A Gideon anakweza dzanja la choko lomwelo, nati, "Achikulire, lero ndavula chipewa." Woyendera sukulu sanakweze. Akuti anatsegula pakamwa, wansembe amene anakhala naye n'kumugwira mkono. Unanena zoona, wodziwa analipo.

Ndinati, "Inenso ndinakweza dzanja limenelo zaka ziwiri. A Lungu, lembani 641 kunja."

Tinagawa tonse mokweza ngati ana a Sitandade Filii. 448 atabweranso, wina kumbuyo anakuwa kuti "Mayo!" Ziro atalembedwa kunali phokoso. A Gideon anati, "Mwatikola, achikulire!" Ndinati sindinakole munthu, msamphawo unayamba kugwira mwini wake. Ndinawauza kuti ndinaima Lamulungu limodzi ndisanafike, kuti yankho anandipatsa ndi mwana wanga, ndipo kuti chinthu chikavomera ka 115 sindiye kuti chalonjeza kuvomera ka 116. Ndinawasiyira tebulo la 64 kuti akalione okha. Mphindi zanga zinapitirira ndi zisanu ndi ziwiri, palibe anaimba belu.

Mendulo sanandipatse. Anandipatsa bulangeti ndi wotchi ya pakhoma imene sindingaione. Woyendera sukulu wapempha kubwereka kope, ndamuuza kuti alibweze.

Tsopano za kalata yanga ya pa 3 Julayi. Ndinakuweruza ndi umboni wosakwana, monga ndinachitira ndi nambala ija: kachiwiri m'chaka chimodzi. Kwathu kuno tate sapepesa mwana, koma mphunzitsi akalemba cholakwa pabolodi amafufuta ana akuona. Ndafufuta. Mlongo wako walemba mawu amenewa, ndipo ndamuuza awerengenso mokweza kuti ndimve ngati alimo.

Funso lina. Mapasa aja, wamng'ono ndamudziwa, 641 sagawika. Nanga wamkuluyo, 6,700,417? Ndikuona ngati sagawika, koma kuona kwanga wakudziwa. Fufuza. Yankho ulembe pa tsamba loyamba, usalibise pa kapepala kena. Kalatayo ikafika tidzaiwerengera pakhonde, ndipo a Gideon ndawaitana kale.

Ndine atate ako,
Gabrieli Shawa